Nsalu za ku Tete: Mbiri ya Maluwa Ake ndi Mayina Ake

Mzinda wa Tete, umene eni ake amautcha Nyungwe, wakhala msika wa nsalu kwa zaka pafupifupi 500. Pa nthawi yonseyi nsalu yakhala ikugulitsidwa ndi dzina, koma gwero la mayinawo lakhala likusintha. Poyamba nsalu inkadziwika ndi dera limene yachokera komanso utali wake, chifukwa inali ndalama. Pambuyo pake inayamba kudziwika ndi maonekedwe: ya mizeremizere, ya mawangamawanga, ya maluwa. M'zaka zaposachedwa yakhala ikudziwikanso ndi tsiku, chipani, mpingo kapena nkhope imene yasindikizidwapo.

Luso lokongoletsa zinthu m'chigwa cha Zambezi ndi lakale kuposa nsalu. Malo ena a m'chigawo cha Tete otchedwa Chifumbaze anapereka dzina ku gulu lonse la mbiya za alimi oyamba kusula chitsulo kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, dzina limene katswiri wofukula zakale David Phillipson analifalitsa. Oumba mbiya ankalemba mizere ndi timadontho m'khosi mwa mbiya dongo lisanaume. Oluka mphasa ndi malichero ankapingasa bango kapena nsungwi kuti patuluke zigamba zooneka bwino, ndipo mphini za kumaso zinkaonetsa mtundu wa munthu. Chovala chenicheni cha masiku amenewo, nyanda yosulidwa ku khungwa la mtengo kapena chikopa, sichinkalandira zokongoletsa zambiri.

Thonje linasintha zimenezi. Ku Ingombe Ilede, kumtunda kwa Zambezi m'dziko la Zambia, ofukula zakale a m'zaka za m'ma 1960 anapeza tinthu tolemeretsa kamtengo kopotera thonje pamodzi ndi tizidutswa ta nsalu m'manda a anthu olemera, umboni wakuti anthu a m'mbali mwa mtsinjewu ankapota ndi kuwomba kale. Nsalu yawo inkatchedwa machira. Wansembe João dos Santos, amene anakhalapo ku Tete cha m'ma 1590, anaitchula m'buku lake la 1609, ndipo Manuel Barreto mu 1667 analemba za malonda ake. Amang'anja a kumunsi kwa Shire ndiwo anatchuka kwambiri ndi ntchitoyi, ndipo owomba anali amuna. Mmisiri ankakhoma zikhomo pansi, n'kutambasula ulusi pakati pake motsika kwambiri, iye n'kukhala pansi kumalowetsa ulusi wopingasa umodziumodzi ndi kuukhwimitsa ndi kathabwa. Nsalu imodzi inkadya masiku ambiri. Inkatuluka yoyera, yokhuthala, yokhakhala m'manja, koma yolimba kotero kuti pa nsalu yomweyo ankanyamulirapo mabwana a Chipwitikizi paulendo. N'chifukwa chake chonyamulira anthu chija mpaka lero chimatchedwa machila.

Chimene machira analibe ndi mtundu. Duarte Barbosa, polemba za ku Sofala cha m'ma 1516, ananena kuti owomba a kumeneko ankatenga nsalu zobiriwira ndi zamitundumitundu za ku Cambay ku India, n'kuzimasula ulusi umodziumodzi, kenaka n'kuwomba ulusiwo pamodzi ndi wawo woyera kuti apange nsalu yatsopano. Nkhaniyi ikuonetsa chinthu chimene mbiri ya malonda imachiiwala kawirikawiri: wogula wa kuno sankangolandira chilichonse chotsika m'ngalawa. Ankadziwa mzere umene akufuna, ndipo akausowa ankaupanga yekha.

Aswahili ndiwo anayamba kukweza nsalu za ku India mu Zambezi. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530 ndipo anapeza kuti popanda nsalu ya ku Gujarat golide sangamuone. Mkulu wawo wa pa chilumba cha Mozambique ankayenera kutumiza kwa mfumu Mwene Mutapa msonkho wotchedwa curva, wa nsalu ndi mikanda, pa zaka zitatu zilizonse, ndipo akachedwa nawo malonda ankatsekedwa. Kuchokera ku Tete mitolo inkanyamulidwa pamutu kupita ku misika ya Masapa, Luanze ndi Dambarare, ndipo m'zaka za m'ma 1700 inkapitanso ku Zumbo. Mu 1686 amalonda a Chimwenye a ku Diu anapatsidwa chilolezo chapadera choyendetsa malonda pakati pa kwawo ndi Mozambique, ndipo kuyambira pamenepo ngongole zambiri za eni minda ikuluikulu ya mu Zambezi zinali m'mabuku a Amwenye.

M'mabuku amenewo ndimo mwatsala mayina a nsalu za nthawiyo. Bertangil ndi zuarte zinali zonyikidwa mu utoto wobiriwira modera. Dotim inali yoyera ndi yolimba. Capotim inali ya timabokosi tobiriwira ndi toyera. Nsalu 20 zinkapanga corja imodzi, ndipo malipiro a asilikali ndi a akuluakulu aboma ankawerengedwa m'nsalu. Wolemba mbiri Pedro Machado, m'buku lake la 2014 lonena za amalonda a ku Gujarat, waonetsa kuti zokonda za ogula a mkati mwa Africa zinkasinthasintha, ndipo uthenga wa kusinthako unkayenda kuchokera kwa onyamula katundu kukafika kwa owomba a ku India. Mtolo wa mizere yotha fasho unkatha kubwerera osagulidwa. Choncho mayi wa ku Marávia kapena mfumu ya Achewa kumpoto kwa mtsinje anali ndi mawu pa ntchito ya mmisiri wa kutsidya la nyanja amene sanamuonepo.

Malondawa anali ndi mbali yake yoipa. Nsalu yomweyo imene inkagula minyanga ndi golide inkagulanso anthu, makamaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ndi m'ma 1800, pamene akapolo ambiri a mu Zambezi anatumizidwa kudzera ku Quelimane. Maulendo a Francisco de Lacerda mu 1798 ndi a Monteiro ndi Gamitto mu 1831, onse onyamukira ku Tete kupita kwa mfumu Kazembe, ankalipira njira, chakudya ndi madoko ndi mikwamba ya nsalu.

M'zaka za m'ma 1800 makina analowerera. Nsalu yoyera ya ku Massachusetts inafika kudzera ku Zanzibar ndipo inatchedwa merikani potengera dziko lake. Yakuda mobiriwira ya ku India inali kaniki kwa Aswahili, ndipo Achewa ankati biriwita. David Livingstone atafika ku Tete mu March 1856 anaona zomera zotulutsa utoto wobiriwira zikungomera zokha mozungulira tauni. Pa ulendo wake wachiwiri, umene unayamba mu 1858, anapeza Amang'anja akusiyanitsa thonje manga, lochokera kunja, ndi thonje kaja, la makolo, ndipo pafupifupi m'mudzi uliwonse munali wopota kapena wowomba. Iye mwini anakulira mu fakitale yopota thonje ya ku Blantyre ku Scotland, ndipo mafakitale a mtundu umenewo ndiwo anadzagonjetsa machira. Nsalu ya makina inali yotsika mtengo, yopepuka, ndipo koposa zonse inali ndi maluwa. Nkhondo ndi njala za m'ma 1860 ku Shire zinabalalitsa owomba ambiri, ndipo pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 luso lija linali litatsala mwa apo ndi apo.

Nsalu yosindikiza maluwa inabwera ndi mayina a maiko ambiri. Apwitikizi ankati chita, kuchokera ku mawu a ku India onena za nsalu ya mawanga, ndipo Angerezi anatenga mawu omwewo kukhala chintz. Duwa lopindika ngati nthanga ya mango, lochokera ku Persia ndi Kashmir, Angerezi amati paisley potengera tauni ya ku Scotland imene inkalikopera pa makina, pamene ku Poland amalitcha duwa la ku Turkey. Madontho ozungulira amene Angerezi anawapatsa dzina la gule wa polka, Apolishi amati groszki, ndiye kuti nsawawa, Apwitikizi amati bolinhas, timipira. Ku gombe la Aswahili nsalu ya kanga akuti inatenga dzina ku mbalame ya madontho oyera imene Achewa amati nkhanga. Paliponse anthu amatcha duwa la nsalu ndi chinthu cha pakhomo pawo kapena ndi njira imene nsaluyo yadzera, ndipo dzina la java, limene amayi a ku Malawi ndi ku Zambia amatchulira mtundu wina wa chitenje, limakumbutsa chilumba cha ku Indonesia chimene Adatchi anakoperako luso lotchinga utoto ndi phula. Kampani ya Vlisco ya ku Helmond, imene inayamba mu 1846, idakapangabe nsalu zoterezi.

Ulamuliro wa atsamunda unamangirira alimi ku thonje. Kuchokera mu 1938 mpaka 1961 boma la Portugal linkakakamiza anthu a ku Mozambique kulima thonje ndi kuligulitsa pa mtengo wotsika ku makampani opatsidwa zigawo, kuti mafakitale a ku Portugal apeze ulusi. Mabanja ambiri a m'malire anathawira ku Nyasaland ndi ku Rhodesia. Amayi omwe analima thonjelo ankaguliranso nsalu yake m'magolosale a Amwenye ndi Apwitikizi pa mtengo wokwera. Pa nthawi imeneyi dzina lakuti kapulana, lochokera kumwera kwa Mozambique, linafalikira mpaka ku Tete, kumene Anyungwe amati nguwo ndipo Achewa a ku Angónia, Macanga ndi Chifunde amati nsalu kapena chitenje. Mafakitale a m'dziko momwemo anabwera mochedwa: Textáfrica ku Chimoio, Texlom ku Matola, Texmoque ku Nampula. Ku Malawi David Whitehead and Sons inatsegulidwa ku Blantyre mu 1967.

Ufulu wa Mozambique wa 1975 unaika zilembo ndi nkhope pa nsalu. Tsiku la amayi la 7 April, lokumbukira imfa ya mayi womenyera ufulu Josina Machel mu 1971, linakhala tsiku la kapulana yatsopano, pamene amayi a pantchito pamodzi, a mpingo umodzi kapena a dera limodzi amasonkha ndalama n'kugula duwa limodzi kuti afanane. Zipani nazo zinayamba kugawa makaka awo pa nthawi ya zisankho, monga zimachitikira ku Malawi. Nkhondo ya pachiweniweni itakula, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ambiri a iwo a m'chigawo cha Tete, ndipo pobwerera pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa pa 4 October 1992 anabwera ndi zitenje za Whitehead ndi mayina ake. Mafakitale a Mozambique sanadzukenso monga kale. Kusowa kwa zipangizo, kutsegulidwa kwa misika ndi zovala za kaunjika zinawafooketsa mpaka Texlom ndi Textáfrica zinatsekedwa. Kaunjikayo ku Mozambique amati calamidade, dzina lotsalira ku zovala zachithandizo za nthawi ya nkhondo ndi chilala.

Lero nsalu imalowa mu Tete kuchokera ku doko la Beira komanso kudzera m'zipata za Zóbuè, Calómuè, Cassacatiza ndi Cuchamano, ndipo yambiri imasindikizidwa ku China, India ndi Tanzania. Pa msika ngati wa Kwachena zilankhulo zitatu, Chipwitikizi, Chinyungwe ndi Chichewa, zimakumana pa benchi imodzi. Wogulitsa angati xadrez, wogula wa ku Ulónguè n'kunena kuti ya timabokosi. Riscado ndi ya mizeremizere. Liso ndi yopanda maluwa. Chichewa chimabwereza mawu pofuna kuonetsa kuti chithunzi chabwerezedwa pa nsalu yonse: mawangamawanga, madonthomadontho, maluwamaluwa. Ndipo mawu akuti maluwa amakuta zonse, ngakhale zojambulidwazo zikhale nsomba, makiyi kapena mafani.

Mayi wodziwa nsalu sakhulupirira dzina lokha. Amaitembenuza kuti aone ngati utoto walowa mbali zonse ziwiri, popeza ya mtengo wotsika imakhala yotuwa kuseri. Amafikisa ngodya yake pakati pa zala kuti aone ngati kulimbako ndi kwa ulusi kapena ndi sitachi imene ithere m'madzi oyamba. Amawerenga zolembedwa m'mphepete, ngakhale akudziwa kuti mayina a makampani otchuka amakoperedwa. Kenaka amaitambasula, mamita awiri m'litali ndi imodzi m'lifupi, n'kuona ngati mpendero wa duwa ugwere bwino pa akakolo ikavalidwa. Amasankhanso molingana ndi ntchito: yoberekera mwana, yopita nayo ku maliro, yopatsa apongozi, yofunda namwali potuluka m'tsimba.

Pamwamba pa mayina a m'sitolo pali mayina amene amayi eni ake amapereka. Duwa latsopano likafika limatha kutchedwa ndi nyimbo yotchuka, sewero la pa kanema, chochitika cha chaka chimenecho kapena mawu olasa mkazi mnzake wa pamitala. Mayina oterewa ndiwo amagulitsa nsalu, koma amakhala pakamwa pokha ndipo amazimirira duwa likatha pa msika. Zuarte ndi capotim zikudziwika lero chifukwa alembi a msonkho anazilemba, pamene mayina amene agogo a ku Tete ankaitanira nsalu zomwezo anapita ndi eni ake. Ophunzira mbiri ndi zilankhulo m'masukulu aukachenjede a mu Tete angachite bwino kuyendera amayi achikulire amene akusungabe nsalu zakale m'masutikesi, kujambula duwa lililonse ndi kulemba dzina lake, chaka chake ndi chifukwa chake, eni akewo adakali moyo.