G3: mfuti ya ku Ulaya imene inamenya nkhondo m'chire lathu

Pa mbendera yathu pali Kalashnikov, ndipo mwana aliyense wa pa sukulu amaidziwa. Mfuti imene inali mbali inayo pa nkhondo yomenyera ufulu siichulidwa kawirikawiri, ngakhale akuluakulu a ku Tete ndi ku Niassa akadakumbukira kulira kwake. Ndikunena G3, mfuti ya asilikali a Apwitikizi. Amene anaigwirapo amaiyamika kuti inali yodalirika ndi yolasa patali. Ine sinditsutsa zimenezo. Cimene ndikufuna tione ndi cakuti luso lakelo linali la nkhondo ina, osati imene inamenyedwa kuno.

Mfutiyi inabadwira m'maganizo a amisiri a kampani ya Mauser ku Germany kumapeto kwa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse. Nkhondo itatha, ena mwa iwo, monga Ludwig Vorgrimler, anakapitiriza nchitoyo ku Spain, komwe kunatuluka mfuti ya CETME. West Germany inatenga mapangidwewo, kampani ya Heckler & Koch inawakonzanso, ndipo mu 1959 asilikali a dzikolo anailandira ndi dzina lakuti G3. Pamene nkhondo inabuka ku Angola mu 1961, asilikali ambiri a Portugal anali akadali ndi Mauser zakale, zija zoti ukaombera kamodzi ukoke citsulo ndi dzanja kuti cipolopolo cina cilowe. Boma la Salazar linathamangira kugula FN FAL ya ku Belgium ndi AR-10 yopangidwa ku Netherlands, imene inapatsidwa kwa asilikali odumpha m'ndege. Koma imene inakhazikika ndi G3, ndipo cifukwa cacikulu sicinali kalasidwe kake ayi. Ajeremani analola kuti izipangidwa ku Lisboa komweko, pa Fábrica de Braço de Prata. Dziko limene anzake ayamba kulikaniza zida cifukwa ca utsamunda limafuna mfuti yoti lizidzisulira lokha.

Kudalirika kwa G3 kuli m'mimba mwake. Mfuti zambiri zodzilowetsera zokha cipolopolo, kuphatikizapo Kalashnikov ndi FAL, zimapatutsa utsi wa wonga kucokera mu mpope kuti ukankhe pisitoni. G3 ilibe zimenezo. Cigoba ca cipolopolo ndico cimadzikankhira m'mbuyo, ndipo timawilo tiwiri tacitsulo timacedwetsa cotsekera kwa kanthawi kocepa kwambiri, mpaka cipolopolo citatuluka ndi mphamvu ya wonga itatsika. Palibe kabowo ka utsi koti katsekeke, palibe pisitoni yoti icite dzimbiri. M'cipinda mmene mumagona cipolopolo anajobamo timizere kuti utsi uzilowa m'mbali mwa cigoba, cisakanirire ndi kung'ambika. N'cifukwa cake cigoba cocokera mu G3 cimakhala ndi mizere yakuda m'litali mwake. Ndinagwirapo cimodzi cimene mlimi wina anacifukula pogalauza munda, ndipo mizereyo inkamvekabe pa cala. Mfutiyi imadzipaka mwaye wambiri m'kati, komabe imapitiriza kulira. Pofooka pake panali kabokosi ka zipolopolo, carregador: ka aluminiyamu kakapindika milomo pogwa pa mwala, mfuti yabwinobwino imayamba kudodoma.

Za kalasidwe, manambala amanena okha. G3 imaombera cipolopolo ca 7,62×51 ca NATO, cimene cimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 800 pa sekondi. Coyang'anira cake cakumbuyo ndi kang'oma kozungulira kokhala ndi miyeso mpaka mamita 400. Ca Kalashnikov, 7,62×39, ndi conenepa mofanana koma cigoba cake n'cacifupi, wonga wocepa, liwiro la mamita ngati 715. Pa dambo loyera kapena kuoloka mtsinje, wa G3 anali ndi mwayi woonekeratu, ndipo mtengo waung'ono sunali pobisalira podalirika, cifukwa cipolopoloco cimaboola.

Koma mphamvuyo inali ndi mtengo wake. G3 ili ndi kacitsulo kosankhira kuombera cimodzicimodzi kapena motsatizana ngati matalala. Ukasankha matalala, mfuti imamenya phewa, mlomo umakwera kumwamba, ndipo zipolopolo zotsatira zimapita m'masamba a mitengo. Carregador ya zipolopolo 20 imatha m'masekondi awiri okha. Conco msilikali wodziwa nchito ankaigwiritsa ngati mfuti yoombera cimodzicimodzi, ndipo ine ndimaiwerengera m'gulu limenelo, kaya mabuku aiike kuti. Onjezanipo kulemera: mfuti yokha makilo oposa 4, kutalika kupitirira mita pang'ono, cipolopolo ciliconse magalamu ngati 24 pamene ca Kalashnikov ndi 16 kapena 17. Zipolopolo 100 ndi makilo pafupifupi awiri ndi theka, tisanawerenge madzi ndi cakudya, m'dzuwa la ku Tete la mwezi wa Outubro.

Tsono nkhondo yathu inali yotani? Inayamba pa 25 Setembro 1964 ku Chai, ku Cabo Delgado, inafalikira m'mbali mwa nyanja ku Niassa, ndipo mu 1968 FRELIMO inatsegulanso nkhondo ku Tete, kumene Apwitikizi ankakonza zomanga damu la Cahora Bassa. Sinali nkhondo ya magulu awiri oyang'anana pa mtunda wa mamita 400 monga ankaganizira akuluakulu a NATO pokonzekera zigwa za ku Ulaya. Inali ya kubisalirana m'misewu ya fumbi, m'chire la miombo ndi mopane, m'udzu wotalika kuposa munthu. Kuomberana kunkayamba mwadzidzidzi, pafupi, ndipo pakangopita mphindi zocepa obisalira aja anali atasungunuka m'nkhalango. Pamenepo mfuti yaifupi, ya zipolopolo 30, yosavuta kuigwira ikamalira motsatizana, inali pakwawo. Si onse omenyera ufulu anali ndi Kalashnikov, makamaka zaka zoyamba. Ambiri ankanyamula Simonov ya zipolopolo 10 kapena mfuti zakale zosiyanasiyana. Ndiponso cimene cinkaopsa kwambiri msilikali wa Cipwitikizi sicinali mfuti konse, koma bomba lokwirira. Dera la kunyanja ku Niassa analipatsa dzina lacipongwe lakuti Estado de Minas Gerais, poseweretsa mawu akuti mina. Bomba la mumsewu sulingaliombere, kaya mfuti yako ndi yolasa motani.

Pali cina cimene okonda kukamba za mfuti amacidumpha. Pofika zaka zomaliza za nkhondo, gawo lalikulu la asilikali a Portugal muno anali ana a dziko lino, ena olembedwa mokakamizidwa, ena a m'magulu ngati Grupos Especiais. Mapewa ambiri amene G3 inamenya anali akuda, ndipo m'mabanja ena a kwathu mkulu anali ndi G3 pamene mng'ono wake anali kuchire ndi Kalashnikov. Komanso mfuti yosakanirira sikanirira kwa wina aliyense. Pa 16 Dezembro 1972 makomando a Cipwitikizi anapha anthu wamba mazanamazana ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kufupi ndi mzinda wa Tete, ndipo dziko linamva nkhaniyi mu Julho 1973 pamene bambo Adrian Hastings anailemba mu nyuzipepala ya The Times ku London. Ndikamamva munthu akutama kudalirika kwa G3 ndimavomera, koma mtima umakhala uli kumeneko.

Pa 25 Abril 1974, anthu a ku Lisboa anatsomeka maluwa ofiira m'milomo ya G3 zomwezo, ndipo pa 7 Setembro caka comweco pangano la ku Lusaka linasainidwa. Mfuti zambiri zinatsala kuno, zina zinalowa m'nkhondo yapaciweniweni imene inatha mu 1992. Mu 1995 Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi bishopu Dinis Sengulane, inayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Zina mwa mfutizo zinadulidwa n'kupatsidwa kwa amisiri a zosemasema. Mu 2001 Cristóvão Canhavato, wodziwika kuti Kester, anaocherera zidutswa zotere n'kupanga mpando umene tsopano uli ku British Museum, ndipo potsamira msana pake pali G3. Ku Portugal komweko, asilikali anapitiriza kuinyamula mpaka 2019, pamene anayamba kuisintha ndi FN SCAR ya ku Belgium.