Mahedifoni: kucokela m'khichini ya Baldwin mpaka m'matu mwanu

Mukakwela minibasi ya ku Town m'mawa, onani anthu angati ali na tumahedifoni m'matu. Tunthu tumenetu tunayamba ngati cida ca pa nchito, ndipo za nyimbo zinabwela pambuyo.

Mu 1910, Nathaniel Baldwin wa ku Utah, ku America, anali kupanga mahedifoni na manja m'khichini mwake. Asilikali a pamadzi a dzikolo atawayesa, anaitanitsa okwana 100 kuti azimvela mauthenga a pa wailesi. Mu 1958 m'pamene John Koss wa ku Milwaukee anatulutsa SP/3, opangila okonda nyimbo, khutu lililonse kumva mbali yake. Mahedifoni a masiku amenewo anali otseka kumbuyo, ndipo ambili anali olema na opana mutu.

Cinasintha zinthu ni HD 414, amene kampani ya ku Germany ya Sennheiser inatulutsa mu 1968. Iwo anasiya kumbuyo kosatseka. Kasipika kakamanjenjemela, kamakankha mphepo kutsogolo na kumbuyo komwe. Ngati kumbuyo n'kotseka, mau amagunda cikho n'kubwelela, cakuti nyimbo imamveka monga yatsekeledwa m'kacipinda. Mukatsegula, mau aja amatuluka, nyimbo imamveka yotakasuka, komanso matu satuluka thukuta. Anthu anawagula oposa 10 miliyoni. Koma vuto lake ni lakuti amene mwakhala naye pafupi amamva zonse zimene mukumvela, inunso mumamva zake. M'nyumba ya zii ni abwino ngako. M'minibasi ni kutaya ndalama cabe.

Sony itatulutsa Walkman mu 1979, mahedifoni anapita pamseu. Anali opepuka, a tumasiponji tokhala pamwamba pa khutu. Walkman yoyamba inali na mabowo awili kuti mumvele pamodzi na mnzanu, cinthu cimene masiku ano timacita mwa kugawana tumawaya, wina kumanja wina kumanzele. Pambuyo pake kunabwela tolowa m'khutu, monga toyela twa iPod twa mu 2001.

Apa pali kusiyana kumene ambili saganizila pogula. Tumene tumangokhala pakhomo pa khutu situtseka phokoso, ndiye munthu amakweza voliyumu kuti apose injini na kondakita. Twa labala tolowa mkati tumatseka bowo, besi imamveka yamphamvu, ndipo simufunika kukweza kwambili. Ine ningasankhe tumenetu, cifukwa tumaselo twa mkati mwa khutu tukaonongeka na phokoso situmelanso.

Njila ina ni imene Amar Bose anagwililapo nchito. Mu 1978 ali m'ndeke, phokoso la injini linamulepheletsa kumva nyimbo, ndipo anayamba kulemba masamu ake ali m'mwamba momwemo. Maikolofoni imamva phokoso la kunja, kenako hedifoni imatulutsa mau otsutsana nalo kuti awiliwo afafanizane. Oyendetsa ndeke anayamba kuwagula mu 1989. Njila imeneyi imagwila bwino pa mkokomo wosasintha, koma mau a munthu wokuwa amalowabe ndithu.

Otseka onsewa amabisa na zofunika kumva zomwe. Podutsa Cairo Road madzulo, cotsani kamodzi, cifukwa njinga yamoto yocokela kumbuyo simudzaimva.