Ralstonia solanacearum

Bakiteriya wokhala m'nthaka ndi m'madzi amene amafotetsa tomato, mbatata ya kachewere, fodya, tsabola, mabiringanya ndi zomera zina za mitundu yoposa 200. Woyamba kumufotokoza anali Erwin F. Smith wa ku America, mu 1896. Amakonda malo otentha ndi achinyontho, n'chifukwa chake amavutitsa kwambiri m'madimba.

Amalowera m'mabala a mizu, aja obwera ndi khasu kapena nyongolotsi zing'onozing'ono za m'nthaka, n'kukaswana m'timitsempha tokweza madzi. Kumeneko amatulutsa zonanda zimene zimatseka njira, ndipo tomato amafota masamba akadali obiriwira, pansi pali ponyowa bwinobwino. Mlimi amangowonjezera madzi, mwatsoka, osadziwa kuti madzi omwewo akufalitsa matendawa. Kuyesa n'kosavuta: dulani tsinde pafupi ndi mizu, mulilowetse m'tambula ya madzi oyera. Ngati chomeracho chagwidwa, pakapita mphindi zochepa timizere toyera ngati mkaka timatsika kuchokera podulapo.

DNA yonse ya bakiteriyayu inawerengedwa mu 2002, ndipo ili m'zigawo ziwiri, chachikulu ndi chaching'ono. Majini otchedwa hrp amapanga kachida kobayira mapuloteni m'maselo a chomera kuti afooketse chitetezo chake. Akawonongedwa majiniwa, bakiteriyayu sangathenso kudwalitsa mbewu.

Chomera chikagwidwa, palibe mankhwala opopera amene angachichiritse. Chofunika n'kuzula chodwalacho pamodzi ndi dothi lake, kutsuka makasu ndi mipeni, kubzala mbewu yopanda matenda, ndi kusinthanitsa ndi chimanga kapena mapira kwa zaka zingapo, pakuti bakiteriyayu amakhalitsa m'nthaka.