Kangolo kanga kanafika ku Joni kopanda kanthu

Anzanga a kugombe, ena mwa inu mukukumbukira kuti mwezi wa Ogasiti boti la madala linagona pamchenga masabata atatu, usipa uli mbwee, anzathu akukocheza m'mawa ndowa zili tho. Munkandiseka kuti makaniko wanji amene injini ya bambo ake ikumukanika. Ndinangokhala chete. Lero ndinene zomwe zinachitika, chifukwa nkhaniyi inandipweteka mpaka ndinatha mabando angapo usiku ndikufufuza komwe vuto linachokera, ndipo ndinakathera ku America, chaka cha 1937.

Chinafa ndi impela, kalabala kozungulira kamene kamapopa madzi oziziritsa injini. Ya madala ndi Yamaha Enduro ya 15. Zomwe ndinapeza kuno zinali zachinyengo, labala wake wofewa ngati patapata, ndiye ndinati bola ndiitanitse yeniyeni kudzera kwa msuweni wanga wa ku Joni, poti iye ali ndi khadi la banki ndipo katundu amatumiza pa basi. Ndinalowa pa shopu ina ya pa intaneti, ndinasankha impela, magasiketi, mapulagi anayi ndi kiti ya kabureta, zonse ndikuponya mu kangolo kaja kamakhala pakona pamwamba. Ndinakopera linki nkumutumizira pa WhatsApp.

Patapita mphindi zochepa akuimba. "Aise, ukundiyesa chani? Mulibe kanthu umu."

"Mulibe bwanji? Ine ndikuona zinthu seveni pano."

"Kwanga kuno akuti ziro. Tumiza chithunzi basi, ndili pa ntchito."

Ndinatumiza chithunzi. Iye anafufuza yekha, anaona impela yofanana ndi ya pachithunzi, analipira. Itafika ndinangoigwira mtima nkuti myuu. Maimpela a injini za 15 alipo a mitundu iwiri yofanana nkhope, nambala ya ina imayamba ndi 682, ya inayo ndi 63V. Yomwe inabwera sinali ya injini yathu. Madala anangoti, "Ndiye foni yakoyo yatidyetsa chiyani?" nkunyamuka kupita kukasoka ukonde. Alovi athu awiri anasamukira boti lina ndipo mmodzi sanabwererenso mpaka lero.

Tsono funso lomwe linandisowetsa tulo ndi ili: zinthu zomwe ndinaika mu kangolo zinapita kuti?

Tiyambe ndi kangolo keniyeni, ka mateyala. Kale ku America shopu zinali ngati magolosale athu a pamsika: umaima pa kauntala, nkunena kuti shuga, sopo, machesi, mwini wake nkumakutengera. Mu 1916 mkulu wina, Clarence Saunders, anatsegula shopu yotchedwa Piggly Wiggly ku Memphis, momwe munthu ankalowa nkumadzitengera yekha katundu m'mashelefu. Zinayenda, koma panali malire: munthu ankagula zokwana dengu la m'manja, likalemera basi wapita kukalipira. Sylvan Goldman, amene anali ndi shopu za Humpty Dumpty ku Oklahoma City, ankaona ndalama zikutuluka pakhomo chifukwa cha mikono yotopa. Mu 1936 anayang'ana mpando wopinda nkuganiza zoumangirira mateyala kunsi ndi madengu awiri a waya. Amene anamuthandiza kuupanga anali munthu wa zokonzakonza, Fred Young. Dzinali ndalisunga dala, chifukwa nkhani zotere zimatchula bwana yekha, wogwira sipanala amaiwalika.

Pa 4 Juni 1937 tingolo tija tinaikidwa mu shopu. Anthu anatikana. Azibambo ankati kukankha zimenezo nkuoneka ofooka, azimayi ankati atopa kale kukankha tingolo ta ana. Goldman analemba ganyu amuna ndi akazi a misinkhu yosiyanasiyana kuti azingozungulira mu shopu akukankha, ngati akugula, pomwe wina waima pakhomo kumalozera olowa kuti taonani, aliyense akugwiritsa. Mpamene zinagwira. Ife a kunyanja izi tikuzidziwa: siginala akayatsa nyali, usipa umasonkhana wokha. Mu 1946 Orla Watson wa ku Kansas City anapanga mtundu wolowetsana kumbuyo, uja mumauona utandandalikidwa pakhomo la masupamaketi a ku Blantyre ndi ku Lilongwe.

Kangolo kameneko mukhoza kupatsana. Wadzaza, wamusiyira mnzako, iye wakalipira. Ka pa intaneti kanangobwereka dzina ndi chithunzi, koma mapangidwe ake ndi ena.

Intaneti ya masamba itayamba, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, inali ndi chilema chimodzi: kuiwala. Kompyuta ya shopu imakupatsa tsamba lomwe wapempha, basi yakuiwala. Ukadina tsamba lachiwiri imakuona ngati mlendo. Ganizirani wagolosale amene ukamuuza kuti shuga, nkutembenuka kuloza sopo, akukufunsanso kuti ndinu ndani ndipo mukufuna chiyani. Sungagule zinthu ziwiri kwa munthu wotere. Mu 1994 kampani ya matelefoni ya MCI inkafuna kugulitsa zinthu pa intaneti, koma sinkafuna kuti makompyuta ake azisunga za aliyense amene wayamba kusankha katundu asanalipire. Inapempha kampani ya Netscape kuti ipeze njira. Mnyamata wina kumeneko, Lou Montulli, wa zaka ngati zangazi, anapanga chomwe amati cookie. Ndi kachidutswa ka zolemba kamene shopu imasiya mu kompyuta kapena foni yako, nthawi zambiri kanambala chabe. Ukapempha tsamba lina, foni imaonetsa kanambalako, shopu nkuti oho, ndiwe uja wa impela ndi mapulagi. Zili ngati kachikatoni ka nambala komwe amakupatsa ukasungitsa chikwama pakhomo la shopu. Chikwama chili pa shelefu yawo, kachikatoni kali m'thumba mwako.

Mwaona pomwe ndinagwera? Linki yomwe ndinatumiza inali njira yopita pa shelefu basi, ndipo njirayo ndi imodzi kwa aliyense padziko lonse. Kachikatoni kanatsala mu foni yanga kuno kugombe. Msuweni anafika pa shelefu manja lendelende, anamupatsa kangolo katsopano kopanda kanthu. Palibe chomwe chinasowa panjira. Kangolo kaja anakapangira munthu mmodzi, wokhala pa kompyuta yake, wolipira ndi khadi lake. Chaka chomwecho, pa 11 Ogasiti 1994, shopu ina yaing'ono yotchedwa NetMarket inagulitsa CD ya woyimba Sting pa madola 12.48, wogula nkulipira ndi khadi mwa njira yobisa manambala, ndipo ambiri amati kumeneko ndiye kugula koyamba kotetezeka pa intaneti. Amazon inatsegula mu Julaye 1995 ikugulitsa mabuku okha. Onsewa m'mutu mwawo munali munthu mmodzi ndi khadi limodzi. Za wosankha ali ku Malawi, wolipira ali ku Joni, ndalama zake zasonkhedwa ndi anthu asanu, palibe anaziganizira.

Koma chomwe chinandisangalatsa nchakuti kugula pagulu nkwakale kuposa kangolo ka Goldman, kwawo komweko. Mu 1872 Aaron Montgomery Ward wa ku Chicago anayamba kugulitsa katundu kudzera pa positi, ndipo makasitomala ake oyamba ambiri anali alimi a bungwe la Grange, amene ankaphatikiza maoda awo kuti mtengo wotumizira uchepe. Ku Buffalo kunali kampani ya sopo ya Larkin, yomwe inali ndi magulu a anthu khumikhumi. Azimayi khumi ankasonkha dola imodzi aliyense pamwezi, mmodzi yemwe ankamutcha mlembi nkulemba oda imodzi ya madola khumi. Oda yotero inkabwera ndi mphatso, monga mpando, nyali kapena desiki, ndipo mphatsoyo inkapita kwa mmodzi mwezi uno, wina mwezi wa mawa, mpaka onse khumi atalandira. Nditawerenga ndinaseka ndekha usiku. Chipeleganyu chenicheni! Amayi anga akanakhala mlembi wabwino kwambiri kumeneko, poti kope lawo la banki m'khonde silisowa ngakhale tambala.

Ndiye kwa ine intaneti inabweza zinthu m'mbuyo pa mbali imeneyi, ndipo zatenga zaka kuti akonze. Njira zinabwera pang'onopang'ono. Ina ndi mndandanda wa zomwe ukufuna, umene umasungidwa pa akaunti osati mu foni, ndipo uli ndi linki yakeyake yotumizika. Ina ndi linki imene imanyamula manambala a katundu ndi kuchuluka kwake m'kati mwake, moti mnzako akaidina kangolo kamadzaza kokha kwa iye. Shopu zomangidwa pa Shopify, kampani ya ku Canada, zimatha zimenezi. Amene anaitenga nkhaniyi mwamphamvu ndi Matchaina. Mu 2015 Colin Huang anayambitsa Pinduoduo ku Shanghai: ukafuna chinthu pa mtengo wotsika umatumiza linki kwa anzako pa WeChat, yomwe ndi ngati WhatsApp yawo, ndipo mukakwana gulu pasanathe maola 24 nonse mumagula motchipa. Eni ake omwewo ndi amene anatulutsa Temu mu 2022. Sindikuwatamanda kwambiri ayi, iwo anangoona kuti munthu amakhulupirira mnzake kuposa chikwangwani, nkusandutsa aliyense kukhala wotsatsa malonda waulere. Nzeru ya Goldman ija, kungoti tsopano okankha tingolo salipidwa.

Kwa ife nkhaniyi si yamasewera. Chiyambire pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipeya aliyense wochokera kunja ndi ndalama yoti ukalakwitsa kamodzi mwezi wonse wapita. Ena mumathetsa vutoli popatsana pasiwedi ya akaunti kuti mnzanu alowe aone kangolo. Zimagwira, chifukwa ukalowa ndi dzina lako shopu zambiri zimasunga kangolo pa akaunti. Koma pa akaunti pomwepo pamakhalanso khadi la mwini wake ndi adiresi yake. Msuweni wanga sangandipatse, ndipo ine sindingamupemphe, chibale chingathere pamenepo.

Ulendo wachiwiri ndinachita zachikale. Ndinapukuta kachitsulo ka pa injini nkujambula nambala yake yonse, ndinalemba nambala ya sipeya aliyense payekha, linki ya chinthu chilichonse payokha, osati ya kangolo. Msuweni atadzaza kwake ananditumizira chithunzi asanalipire, ine nkuwerenga nambala imodziimodzi mokweza pa foni, iye akuvomera. Impela inakwana ngati inabadwira momwemo. Madala sananene kanthu, anangoyang'ana madzi akutuluka kumbuyo kwa injini, nkuuza mlovi kuti akatenge nyali.

Tsopano oda ina ikunyamuka kumapeto kwa mwezi uno, ndipo mtengo wa basi tigawana malinga ndi kulemera kwa katundu. Amene mukufuna mapulagi, maimpela, mapulopela kapena magasiketi mundipeze pa shedi pofika Lachisanu, mubwere ndi chithunzi cha kachitsulo ka nambala ka pa injini yanu, chooneka bwino, osati cha injini yonse muli chiimire pambali pake. Ndalama kaye, kulemba pambuyo. Ndipo ngati pali wina amene injini yake imadya ya 63V, ndili nayo yatsopano yapachikidwa pa msomali, ndimupatsa pa mtengo womwe inagulidwira.