Mabuleki Akamalira: Phunziro Lochokera ku Galimoto Zakale

Nkhani yathu ya lero ndi ya galimoto zakale, ndipo iyambira pa phokoso limene ambiri a inu munalimvapo. Galimoto ikutsika phiri, woyendetsa waponda buleki, kumagudumu n'kumveka kwiii! Okwera amayang'anana, ndipo funso la aliyense limakhala lakuti, kodi tiima? Makaniko wodziwa ntchito yake amayamba wafunsa chaka chimene galimotoyo inapangidwa asanayankhe, pakuti mabuleki asintha kangapo, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kaliridwe kake.

Galimoto zoyamba zinatengera buleki ku ngolo za akavalo: chipika cha mtengo chimene chinkapanikiza gudumu woyendetsa akakoka mpini. Mu Ogasiti 1888, Mayi Bertha Benz anatenga galimoto imene amuna awo a Carl Benz anapanga, nayenda ndi ana awo awiri makilomita oposa 100, kuchoka ku Mannheim kupita ku Pforzheim m'dziko la Germany. Zitunda za m'njira zinadya zipika zija, ndipo mayiwa anapempha wosoka nsapato kuti akhomerepo chikopa. Nzeru imeneyi ikugwirabe ntchito mpaka lero. Pamene buleki imakhudza chitsulo chozungulira payenera kukhala chinthu chofewerapo, choti chizitha pang'onopang'ono m'malo mwa chitsulocho. Amakaniko amachitcha lainingi.

M'chaka cha 1902 kunabadwa mitundu iwiri ya mabuleki. Ku France, a Louis Renault anakonza buleki ya dilamu, chitsulo chonga chiwaya chakuya chozungulira pamodzi ndi gudumu, m'kati mwake muli zitsulo ziwiri zopindika zimene zimatambasuka n'kuchigwira. Ku Birmingham m'dziko la England, a Frederick Lanchester analembetsa buleki ya disiki, mbale yachitsulo yophwatalala imene imapanidwa mbali zonse ziwiri. Nzeru ya a Lanchester inali yabwino, koma zopanira zake zinali za mkuwa. Mkuwa ukakhudza chitsulo unkalira mosokosera, komanso fumbi la m'misewu ya masiku amenewo linkaudya msanga. Anthu anaikana, ndipo dilamu inalamulira kwa zaka pafupifupi 50. Mpikisano wa Le Mans wa 1953, umene galimoto ya Jaguar inapambana itavala madisiki a Dunlop, ndi umene unabwezera disiki ulemu wake.

Taonani tsopano chifukwa chimene makaniko amafunsira chaka. Galimoto ya Ford Model T, imene inapangidwa kuyambira 1908 mpaka 1927 ndipo inaposa 15 miliyoni, buleki yake ya phazi sinali kumagudumu ayi. Inali lamba wokutidwa ndi nsalu ya thonje, wogwira chitsulo chozungulira m'kati mwa bokosi la magiya. Nsaluyo ikapsa n'kuterera, galimoto yonse inkanjenjemera poima, gwedegwede. Munthu wosadziwa mbiri imeneyi angathe kuchotsa magudumu onse anayi, dzuwa n'kulowa, osapeza vuto.

Galimoto zakale zimene tingazionebe m'magalaja ndi m'maesiteti, monga Morris Minor ndi Land Rover zoyambirira, zonse ziwiri zoyamba kupangidwa mu 1948, zili ndi madilamu kumagudumu onse anayi. Pa galimoto zotere, makaniko amatchera khutu ku zinthu zitatu: mtundu wa phokoso, nthawi imene likumveka, ndi zimene phazi likumva.

Kulira kwa mawu ang'ono kumene kumamveka m'mawa, n'kutha mukaponda buleki kangapo, kawirikawiri ndi dzimbiri la mame kapena fumbi, ndipo si koopsa. Kukukuta kwa mawu aakulu kumene kumabwera nthawi zonse mukaponda ndi nkhani ina. Lainingi yakale inkakhomedwa ndi timisomali ta mkuwa, ndipo ikatha, timisomalito kapena chitsulo chenichenicho chimayamba kupala dilamu. Galimoto yotere iyenera kuimikidwa tsiku lomwelo. Phokoso lobwerezabwereza, lofulumira galimoto ikamathamanga n'kumachedwa ikamaima, chopondera chikukankha phazi ngati mtima, limasonyeza dilamu yopindika, nthawi zambiri chifukwa cha kutentha pa mtsetse wautali. Kugogoda kamodzi kokha poyamba kuponda kumaloza chinthu cholefuka, kaya sipuling'i yoduka m'kati mwa dilamu, kaya zitsulo zogwira gudumu. Ndipo ngati galimoto ikubuula n'kumakokera mbali imodzi, fufuzani mafuta amene adontha n'kunyowetsa lainingi ya gudumu limodzi.

Wotsegula dilamu yakale achenjere ndi fumbi lake. A Herbert Frood, amene anayambitsa kampani ya Ferodo ku England mu 1897, anayamba ndi lainingi ya thonje, kenaka anatengako asibesitosi chifukwa sapsa ndi moto. Patapita zaka zinadziwika kuti fumbi la asibesitosi limawononga mapapo ndi kuyambitsa khansa, ndipo dziko la Britain linamuletseratu mu 1999. Lainingi ya galimoto yokhalitsa ingathe kukhala nayebe. Fumbi lotere saliuzira ndi pakamwa kapena mpope, amalinyowetsa n'kulipukuta.

Komatu vuto loopsa koposa silikhala ndi phokoso. Kale buleki inkakokedwa ndi ndodo zachitsulo ndi mawaya. Galimoto ya Duesenberg ya 1921 ku America inabweretsa mabuleki oyendera mafuta kumagudumu onse anayi, potsata nzeru ya a Malcolm Loughead, ndipo kampani ya Ford inawalandira mochedwa mu 1939. Mabuleki amenewa amagwira mwamphamvu ndi mofanana, koma m'galimoto zambiri zakale mafuta onse amayenda m'njira imodzi. Paipi imodzi ikaboola, magudumu onse anayi amataya buleki nthawi yomweyo. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Chizindikiro chake ndi chopondera chofewa chimene chimamira pang'onopang'ono, mafuta ocheperachepera m'kabotolo kake, ndi chinyontho kuseri kwa gudumu.

Tsono omvera, galimoto yakale ikalira poima, musakweze wailesi kuti phokosolo lisamveke. Pitani nayo pamalo athyathyathya opanda anthu, muyende pang'onopang'ono mazenera ali otsegula, mumve gudumu limene likulira ndi mmene likulirira, ndipo mukamufotokozere makaniko zonsezi pamodzi ndi chaka cha galimotoyo. Ndipo m'mawa uliwonse musananyamule anthu, pondani buleki galimoto ili chiimire, muigwire kanthawi, muone ngati chopondera chikulimba.