Gusheshe, maginito ndi miyala ya pa Lichenya

Mwezi wathawu mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa History mu Fomu 3 ndi 4 anandiimbira foni kuchokera ku Joni. Dzina sinditchula, anzake a kalasi imeneyo amudziwa okha. Iye amagwira ntchito yowotcherera zitsulo ndipo wakhala akusunga ndalama zaka zisanu ndi chimodzi. Atandipatsa moni anati, "Aphunzitsi, ndapeza Gusheshe yeniyeni, ya 1990, mwini wake akufuna R180,000. Ndigule?" Ine wa njinga ya kapalasa kundifunsa za galimoto! Komabe ndinamuuza kuti andipatse sabata imodzi, popeza chinthu chilichonse chili ndi mbiri yake, ndipo mbiri ndiye ntchito yanga.

Kwa amene simukuidziwa, Gusheshe ndi dzina limene anyamata a ku Soweto anapatsa BMW 325iS, kuchokera ku mawu a Chizulu otanthauza kufulumira. Galimoto imeneyi sinapangidwe ku Germany ayi. Inapangidwa pa fakitale ya BMW ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria, mu 1990 ndi 1991, ndipo onse pamodzi analipo pafupifupi 500 basi.

Chifukwa chopangira magalimoto ochepa chonchi ndi malamulo a mpikisano. Oyendetsa mipikisano ya magalimoto ankati kampani isabweretse galimoto yopangira mpikisano wokha, koma ikhale yoti munthu wamba angathe kukagula m'sitolo. Ndiye makampani anachenjera. Ankapanga galimoto yothamangitsa, kenako n'kugulitsa owerengeka kuti lamulo likwaniritsidwe. Chitsanzo chodziwika ndi Porsche 911 Carrera RS ya 1973. Lamulo linkafuna magalimoto 500, koma anthu anailimbirana mpaka kampaniyo inapanga 1,580. Mwa amenewa, 200 anali opepuka kwambiri: chitsulo chopyapyala, magalasi opyapyala, mipando ya kumbuyo anachotsa, ngakhale wotchi munalibe. Anapepuka ndi makilogalamu pafupifupi 100 poyerekeza ndi anzake, kunena kwake matumba awiri a chimanga. Mnzanga wophunzitsa Physics anandifotokozera m'sitafu kuti mphamvu za injini zimathandiza panjira yowongoka, koma kupepuka kumathandiza paliponse: ponyamuka, pokhota ndi poima. Anandikumbutsa wakabaza akamakwera chitunda ndi munthu wonenepa.

Ku South Africa kunali vuto lina. BMW M3 imene inatuluka ku Ulaya mu 1986 inali ndi chiwongolero kumanzere kokha, pamene kumeneko, ngati kwathu kuno, chiwongolero chimakhala kumanja. Motero a ku Rosslyn anadzipangira zawo. Anayamba ndi 333i mu 1985, magalimoto 200 ndi owerengeka, kenako 325iS yoti ikalimbane ndi Opel Kadett Superboss m'mipikisano ya Group N. Injini anaikulitsa kuchoka pa malita 2.5 kufika 2.7, ndipo mtundu woyamba wa 1990 unali ndi zitseko, boneti ndi mapiko a kutsogolo a aluminiyamu m'malo mwa chitsulo.

Apa m'pamene nkhani inandifika pamtima, chifukwa aluminiyamu amachokera ku mwala wotchedwa bauxite, ndipo mwala umenewu tili nawo pamwamba pathu pomwepa. Frank Dixey, katswiri wa za miyala wa boma la atsamunda, anaupeza paphiri la Mulanje mu 1924, ndipo akuti pa Lichenya ndi Linje pali matani oposa 25 miliyoni. Zaka zana zadutsa osakumbidwa. Kusungunula aluminiyamu kumadya magetsi ochuluka zedi, n'chifukwa chake fakitale yaikulu ya Mozal inamangidwa pafupi ndi Maputo n'kuyamba ntchito mu 2000, osati kuno. Komanso madzi a m'mitsinje ya Likhubula ndi Lichenya, amene timamwa ife ndi minda ya tiyi, amachokera komweko, ndiye ine sindili m'gulu la odandaula kuti mwalawo ukadali pansi. Koma zimandiseketsa kuti mwana wobadwira m'tsinde mwa phiri la bauxite akufuna kutaya thukuta la zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa cha zitseko ziwiri za aluminiyamu.

Sindikumuseka iyeyo. Mtima umenewu ndi wakale. Agogo athu amene anapita ku migodi kudzera ku Wenela ankabwera ndi njinga, wailesi, suti ndi chipewa, kuti mudzi uone kuti sanapite kukasewera. Ulendo umenewu unaima mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, unayambiranso mu 1977 pansi pa Theba, n'kudzatheratu cha mu 1988. Koma anyamata sanasiye kupita, amangokwera basi kudzera pa Mwanza ndi Tete. Njinga ya agogo ija ndi Gusheshe ya lero. Kusiyana kwake n'kwakuti njinga inkanyamula chimanga kupita kuchigayo.

Tsono ndinamuyankha chonchi. Poyamba, mbiri ikuonetsa kuti magalimoto oterewa amakweradi mtengo. Porsche ija lero ndi ya anthu olemera kwambiri padziko, ndipo 325iS yeniyeni yosamalika ku South Africa yafikapo pa R1 miliyoni n'kupitirira. Amene anagula kale n'kusunga bwino anapindula. Koma mfundo yomweyi ndi imene inandikayikitsa. Munthu wa nzeru zake angagulitse bwanji chinthu cha miliyoni pa R180,000? Dzina la Gusheshe masiku ano amaitanira BMW iliyonse ya maonekedwe amenewo, ndipo 325i wamba anapangidwa ambirimbiri. Kumata zilembo kumbuyo n'kuika mabampala ena si ntchito ya tsiku lonse. Ambiri mwa magalimotowa adutsanso m'masewera ozungulitsa galimoto pamalo amodzi mpaka matayala kufuka utsi, ndiye injini yake ndi yotopa ngakhale penti ikuwala.

Chachiwiri ndinamufunsa kuti akufuna kuyendera kuti. Anati abwere nayo kumudzi pa Khirisimasi. Ndinaseka mpaka ana a m'kalasi yoyandikana anasuzumira. Msewu wa Midima kapena wodzera ku Thyolo ndi Luchenza ndi wa tara, inde, ndipo pakati pa minda ya tiyi galimoto yotere ingakome. Koma kwawo kwa mnyamatayu n'kopatuka pa tara makilomita angapo, ndipo chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 njira imeneyo ngakhale lole imadutsa mopemphera. Galimoto ya mpikisano ndi yogwada, mimba yake imakhudza hampu iliyonse. Pa chipata a MRA amalipiritsa msonkho wokwera galimoto ikakhala yakale komanso ya injini yaikulu, ndipo iyi ili ndi zonse ziwiri. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipeya aliyense ndi woitanitsa kunja. Chitseko cha aluminiyamu chikaphwanyika, amakaniko athu a pa Chitakale, amene ndimawalemekeza chifukwa amadzutsa minibasi zakufa, sangachiwotcherere ndi zida zimene ali nazo. Iye mwini ndi wowotcherera, mfundo imeneyi anaimva msanga kuposa zonse.

Za mayi ake sindinafune kulankhula, koma zinatuluka zokha. Nyumba yawo inagwa mbali imodzi nthawi ya Freddy ndipo mpaka pano akugona m'chipinda chimodzi. Anakhala chete pafoni, ine n'kuyamba kudziimba mlandu kuti ndalowerera za m'banja la eni. Komanso ndalama ndi zake, anazivutikira yekha m'dziko la eni, ndipo munthu sangakhalire kumangira ena moyo wake wonse osalawako chimene mtima wake ukufuna. Sindinamuletse. Ndinangoti, "Mwana wanga, ukapite ndi maginito. Ngati ndi ya 1990 monga akunenera, maginito sagwira pachitseko. Ukalembenso nambala ya chasisi ukafunse kwa odziwa."

Loweruka lapitali wanditumizira chithunzi. Maginito a sipika yakale ali phee pachitseko, amamatira osagwa. Mwini galimoto akuti zitseko anasintha itachita ngozi, ndipo watsitsa mtengo kufika pa R150,000. Mnyamata uja akuti akuganizabe, koma m'uthenga womwewo wandifunsa mtengo wa malata a 28 geji ku Limbe. Ndikupita Lachisanu tikaweruka, ndikamufunsira.