Kusintha ekizozi ya galimoto pogwiritsa ntchito zitsulo za galimoto yapachibale

Raffingora ndi tauni yaing'ono m'chigawo cha Mashonaland West m'dziko la Zimbabwe, pamtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumpoto chakum'mawa kwa mzinda wa Chinhoyi. Dera lozungulira tauniyi ndi la mafamu a fodya ndi chimanga, ndipo ambiri mwa anthu amene akhala akugwira ntchito m'mafamuwa ndi ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Kuyambira m'chaka cha 2000, pamene boma linayamba kugawa minda ya azungu, alimi ang'onoang'ono anachuluka m'derali, ndipo galimoto ya pikiapu yakale ndiyo imanyamula feteleza, nkhuni zochizira fodya, antchito ndi odwala omwe.

M'misewu yafumbi ya kumafamu, chimodzi mwa zinthu zoyamba kuwonongeka pagalimoto ndi ekizozi, chifukwa imakhala kunsi komwe miyala, matope ndi zitsa zimaipeza. Ikabooka, mwini galimoto amakhala ndi njira zitatu: kuwotcherera chigamba, kupangitsa paipi ina kwa owotcherera, kapena kufunafuna ekizozi ya kufakitale yochokera pagalimoto ina yapachibale ndi yake. Njira yachitatuyi ndiyo amakaniko ambiri amaikonda, koma imafuna kudziwa bwino chibale cha magalimoto.

Ntchito ya ekizozi

Ekizozi si paipi imodzi ayi, koma ndi zigawo zingapo zolumikizana. Pa injini penipeni pali manifold, chitsulo chimene chimasonkhanitsa utsi wochokera m'masilinda onse. Kuchokera pamenepo utsi umatsika m'paipi yakutsogolo, n'kudutsa mu catalytic converter ngati galimotoyo ili nayo, kenako m'sailensa imodzi kapena ziwiri zochepetsa phokoso, mpaka kutulukira kumbuyo. Zonsezi zimalendewera pa timphira tokolowekera kuti kunjenjemera kwa injini kusathyole malo olumikizira.

Mdani wamkulu wa ekizozi ndi dzimbiri, ndipo nthawi zambiri limayambira mkati. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzi monga nthunzi. Galimoto yoyenda maulendo afupiafupi sitentha mokwanira kuumitsa madziwo, motero amadikha m'sailensa yakumbuyo n'kuidya pang'onopang'ono.

Magalimoto apachibale

Makampani opanga magalimoto amagwiritsa ntchito chasisi ndi injini imodzi popanga magalimoto angapo a mayina osiyana pofuna kuchepetsa ndalama zopangira. N'chifukwa chake chitsulo chochokera pagalimoto ina chimatha kukwana pa inzake popanda kudula kapena kuwotcherera.

Chitsanzo chodziwika kwambiri kum'mwera kwa Africa ndi cha Ford ndi Mazda. Fakitale ya Willowvale mumzinda wa Harare, imene inayamba m'chaka cha 1961 ngati ya Ford, inagwirizana ndi kampani ya Mazda ya ku Japan m'chaka cha 1989, ndipo inkalumikiza magalimoto a Mazda 323 ndi mapikiapu a B-Series, amene anafalikira m'mafamu a dziko lonse la Zimbabwe. Ku South Africa nakonso, fakitale ya Silverton ku Pretoria inkapanga magalimoto a mayina awiriwa pamalo amodzi: Ford Laser inali m'bale wa Mazda 323, Ford Bantam wa Mazda Rustler, ndipo Ford Courier wa B-Series. Ford Ranger yoyamba ya m'chigawo chino inali galimoto imodzimodzi ndi Mazda B2500, ndipo zonse ziwiri zinkakhala ndi injini ya dizilo ya malita 2.5 yotchedwa WL, kapena WL-T ikakhala ndi turbo.

Chibale chotere chimasintha ndi zaka. Mazda BT-50 ya m'chaka cha 2006 ndi ya 2011 zinali zapachibale ndi Ranger, koma BT-50 imene inatuluka mu 2020 inapangidwa pa chasisi ya Isuzu D-Max. Ranger ya 2022 ndi m'bale wa Volkswagen Amarok yatsopano. Choncho dzina lokha la galimoto silikwanira. Chaka chimene inapangidwa n'chofunika chimodzimodzi.

Pamagalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, amene ndi ochuluka ku Harare, Lusaka, Lilongwe ndi Tete, chibale chimaoneka pa zilembo za chasisi. Toyota Corolla, Fielder, RunX ndi Allex za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndi banja limodzi. Yolembedwa NZE121 ili ndi injini ya malita 1.5, pamene ZZE122 ili ndi ya malita 1.8. Maiko onsewa, pamodzi ndi Japan ndi South Africa, amayendetsa kumanzere kwa msewu ndipo chiwongolero chimakhala kumanja, zimene zimathandiza, popeza paipi yakutsogolo ya galimoto ya chiwongolero chakumanzere nthawi zina imapindidwa mosiyana.

Phindu lake ndi malire ake

Phindu loyamba la chitsulo cha kufakitale ndi kukwanira bwino. Mabowo a mabawuti, mapindidwe a paipi ndi malo okolowekera zinayesedwa kale ndi opanga galimoto, motero paipi sigunda chasisi kapena kuyandikira thanki ya mafuta. Lachiwiri ndi kulimba: ekizozi zambiri za kufakitale za masiku ano zimapangidwa ndi chitsulo chosachita dzimbiri msanga, pamene paipi yopangitsa m'mbali mwa msewu kawirikawiri imakhala ya chitsulo wamba. Lachitatu ndi phokoso lochepa, popeza sailensa inapangidwa molingana ndi kulira kwa injini ya banja limenelo.

Pankhani ya mphamvu, eni magalimoto ambiri amayembekezera zoposa zimene amapeza. Galimoto ya injini yaikulu m'banja lomwelo nthawi zambiri imakhala ndi paipi yotakasuka, ndipo kusiyana kooneka kochepa kumakhala kwakukulu mkati: paipi ya mamilimita 60 ili ndi njira yaikulu ndi 44 peresenti kuposa ya mamilimita 50. Injini ya turbo imapindula ndi njira yotakasukayo chifukwa utsi ukamatuluka mosavuta turbo imazungulira msanga. Koma pa injini yaing'ono yopanda turbo, paipi yaikulu kwambiri imachepetsa liwiro la utsi, ndipo galimoto imataya mphamvu yokokera pamene injini ikuzungulira pang'onopang'ono. Imeneyi ndiyo mphamvu imene mlimi amaifuna pokwera chitunda atanyamula mabelo a fodya opita kumsika wa ku Harare. Ekizozi yokha siisandutsa injini ya malita 1.5 kukhala ya 1.8.

Zoyenera kuona asanagule

Chinthu choyamba ndi kuyerekeza nambala ya chasisi ndi zilembo za injini za magalimoto awiriwo. Chachiwiri ndi kutalika kwa galimoto. Toyota Hilux ndi Fortuner za m'zaka za 2005 mpaka 2015 zili ndi injini zofanana, koma mtunda wa pakati pa mateyala akutsogolo ndi akumbuyo ndi mamilimita 3,085 pa Hilux ya zitseko zinayi, ndi 2,750 pa Fortuner. Kuwonjezera apo, Fortuner ili ndi masipuling'i ozungulira kumbuyo pamene Hilux ili ndi amipeni. Motero chigawo chakutsogolo chingafanane, koma chakumbuyo n'chosiyana. Momwemonso galimoto yokoka ndi mateyala onse anayi ili ndi giyabokosi yowonjezera kunsi, ndipo paipi yake imailambalala.

Chachitatu ndi masensa. Magalimoto a petulo amakono ali ndi sensa yoyeza mpweya mu utsi, ina kutsogolo ndi ina kumbuyo kwa catalytic converter. Paipi yopanda malo omangirapo sensa imasokoneza kompyuta ya injini, ndipo galimoto imayamba kumwa mafuta ambiri. Chachinayi, magasiketi ndi timphira tokolowekera ziyenera kukhala zatsopano ngakhale paipiyo ikhale yakale.

Zitsulo zakale zimapezeka kwa ophwasula magalimoto ku Chinhoyi ndi ku Harare, makamaka mumsewu wa Kaguvi ndi ku Magaba ku Mbare. Wogula ayenera kugogoda sailensa kuti amve ngati mkati mukugwedera, ndi kusuzumira mu catalytic converter kuti aone ngati chisa chake cha mkati chilipo. Chisachi chimakutidwa ndi platinum, palladium ndi rhodium, miyala yamtengo wapatali imene Zimbabwe imakumba m'mapiri a Great Dyke, pamigodi ya Zimplats, Mimosa ndi Unki. Chifukwa cha mtengo wa miyalayi, anthu ena amachotsa chisacho n'kugulitsa chigoba chokha ngati chathunthu.

Ngozi ndi malamulo

Ekizozi yokwana molakwika ingathe kupha. Utsi wa injini uli ndi mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Paipi ikathera kunsi kwa galimoto m'malo motulukira kumbuyo kapena m'mbali, mpweyawu umalowa mokhala anthu, makamaka kumbuyo kwa pikiapu yofunditsidwa kumene antchito ndi ana asukulu amakwera. Mutu, chizungulire ndi tulo paulendo ndi zizindikiro zoyamba.

Ngozi ina ndi moto. Catalytic converter imatentha kupitirira madigiri 400, ndipo m'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala, pamene udzu wauma m'minda ya Mashonaland, galimoto yoimikidwa pamaudzu ingathe kuyatsa tchire. Malata otchinga kutentha amene amabwera ndi ekizozi ya kufakitale ayenera kumangidwa onse.

Malamulo a pamsewu amafuna kuti galimoto ikhale ndi sailensa yogwira ntchito ndiponso isatulutse utsi wopitirira muyeso. Ku Zimbabwe oyendera magalimoto ndi a Vehicle Inspection Department, ku Zambia ndi a Road Transport and Safety Agency, ndipo ku Malawi ndi a Directorate of Road Traffic and Safety Services. Ekizozi ya kufakitale yochokera pagalimoto yapachibale, ikamangidwa yathunthu ndi masensa ndi malata ake, kawirikawiri siivuta pa kuyendera kumeneku, kusiyana ndi paipi yodulidwa imene sailensa yake inachotsedwa.